Mutu ukakana Panado, musadikire kuti khosi liume

Ana anga, Lamulungu lino ndati tikambirane za mutu. Palibe khomo limene simumveka dandaulo la mutu. Wina waswera padzuwa kumunda, wina wagona ndi maganizo a fizi ya ana, wina ndi matsire a dzulo. Mutu wotere umamva Panado, madzi akumwa ndi tulo. Koma ulipo mutu wina umene sumva zonsezi. Umayamba mozemba, lero pang'ono, mawa kuwonjezera, mpaka sabata kutha munthu ali chigwirire chipumi. Mutu umenewu ukagwira munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV, kapena amene sadayezetsepo magazi, pafunika changu chifukwa mwina vuto lafika kuubongo.

Ndikulembera inu maanja achinyamata ndi makolo chifukwa matenda amenewa akafika pena wodwala sathanso kudziganizira. Omuganizira ndinu: mkazi wake, mwamuna wake, mayi ake, amalume ake. Pa zaka zanga za unamwino ndidaona kuti moyo wa wodwala wotere umakhala m'manja mwa abale kawiri. Koyamba ndi tsiku limene agwirizana zopita naye kuchipatala. Kachiwiri ndi pamene adokotala apempha chilolezo chotenga madzi a pamsana.

Kodi ndi matenda anji?

Achipatala amawatchula kuti cryptococcal meningitis. Ife tingoti ndi mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Amayamba ndi kachilombo ka gulu la fangasi kotchedwa Cryptococcus. Fangasi ndi fuko limodzi ndi chuku chomera pa nsima yogonera komanso yisiti wofufumitsira mandasi. Kameneka kamapezeka m'dothi, m'mitengo yowola ndi m'zitosi za mbalame, makamaka nkhunda. Zitosi zikauma zimasanduka fumbi, ife n'kupuma. Ambirife tidakapumapo kale, ena tili ana, koma sitidadwale chifukwa asilikali a m'thupi amakatsekereza m'mapapo momwemo, n'kukhala chigonere zaka ndi zaka.

Asilikali amenewa ndi aja mumamva kuti CD4. Munthu wathanzi akayezedwa amapezeka nawo pakati pa 500 ndi 1,500. Kachilombo ka HIV kakasiyidwa popanda mankhwala kamawapha pang'onopang'ono. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati akatsika kuchepera 200, munthuyo wafika pa HIV yokhwima, ngakhale akuyenda bwinobwino ndi kugwira ntchito zake. Akatsika kuchepera 100, fangasi uja amadzuka, kulowa m'magazi, n'kukakhazikika pa kachikopa kopyapyala kokuta ubongo ndi m'madzi amene ubongo umasambiramo.

Mumve bwino apa: matendawa sapatsirana. Simungawatenge chifukwa chodyera mbale imodzi ndi wodwala, kumusambitsa kapena kugona naye chipinda chimodzi. Musamusale. Komanso musathamangire kukagwetsa khola la nkhunda, fumbi lili ponseponse. Chotchinjiriza chenicheni ndi chitetezo cha m'thupi.

Si matenda ochepa ayi. Akatswiri adawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 152,000 adadwala matendawa padziko lonse ndipo 112,000 adamwalira, ambiri mwa iwo kuno ku Africa. Pa anthu 100 alionse omwalira ndi matenda obwera chifukwa cha Edzi, 19 adapita ndi fangasi ameneyu. N'chifukwa chake mu 2022 WHO idamuika m'gulu loyamba la mafangasi oopsa kwambiri kwa anthu.

Nanga ma ARV aja alipowa?

Funso labwino. Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Ife amene tidagwira ntchito m'mawodi chisadafike chaka cha 2004 timadziwa kusiyana kwake. Odwala ankagona mpaka pansi pa mabedi. Lero munthu womwa mankhwala ake mokhulupirika amakalamba ngati wina aliyense, ndipo fangasi ameneyu samuyandikira wamba.

Amene akugwidwa masiku ano ali m'magulu atatu. Loyamba ndi la amene sadayezetsepo. Ambiri ndi abambo, aja amati "madamu adayezetsa kusikelo, ali bwino, ndiye kuti nanenso ndili bwino". Ayi bambo, magazi a mkazi wanu si anu. Lachiwiri ndi la amene adayamba mankhwala n'kusiya. Wina adaona kuti wanenepa, wina adapita kukasaka maganyu ku Joni buku n'kulisiya kumudzi, wina adapeza banja latsopano n'kuchita mantha kuti botolo lionekera, wina adauzidwa kuti wachiritsidwa. Lachitatu ndi la amene amamwa modumphadumpha mpaka kachilombo kadasiya kumva mankhwalawo.

Kusiya mankhwala sikupweteka tsiku lomwelo, ndiye pamene pali msampha. Munthu amatha miyezi, ngakhale chaka, akuoneka bwino, asilikali akutha mwakachetechete. Chodzamudzidzimutsa ndi mutu uja.

Zizindikiro zake

Dzina loti oumitsa khosi lisakusocheretseni. Odwala ambiri a fangasi ameneyu khosi siliuma, makamaka poyamba. Ena satentha n'komwe thupi. Mukadikira khosi mwachedwa. Yang'anani izi: mutu wopweteka masiku angapo motsatizana ndipo ukunkirankira, nseru ndi kusanza, makamaka m'mawa, maso kudana ndi kuwala, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena mwachimbuuzi, makutu kuyamba kugontha, kuwodzera masanasana, kuyenda mwadzandidzandi ngati woledzera.

Chizindikiro chimene chimasokoneza mabanja kwambiri ndi kusintha kwa khalidwe. Bambo wofatsa ayamba kulalata popanda chifukwa. Mayi waukhondo asiya kusamba, aiwala kuti wateleka mphika pamoto. Wina ayamba kuyankhula zosagwirizana, kusokoneza maina a ana ake, kuvula pagulu. Kenaka kumabwera kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu, kapena kufa mbali imodzi ya thupi. Pakhomo pamayamba manong'onong'o: wapenga, wasuta chamba, amulodza kuntchito, walumpha mankhwala. Inu amene mumagona naye nyumba imodzi ndi amene mungaone kusintha kumeneku msanga kuposa wina aliyense. Musakuone ngati chipongwe, ndi ubongo umene ukupanikizika.

Kumene masiku amathera

Kawirikawiri sabata yoyamba imathera pa Panado wa pagolosale. Yachiwiri imathera pa mankhwala a malungo ogula popanda kuyezetsa. Yachitatu agogo abwera ndi lezala kudzatema mphini m'mbali mwa mutu, kapena wodwala atengeredwa kwa sing'anga kapena kuphiri kukasala kudya. Pofika kuchipatala amakhala atanyamulidwa, sakuzindikiranso munthu. Wofika akuyankhula ndi kuzindikira abale ake ali ndi mwayi waukulu wochira kuposa wofika atasokonezeka kale. Popanda mankhwala a kuchipatala matendawa sachirika, amapha ndithu.

Sindikunyoza pemphero, inenso ndimapemphera. Koma pempherani muli m'minibasi, pempherani muli pabenchi ya kuchipatala. Abusa akhoza kukupezani kuwodi.

Dziwaninso kuti fangasi si yekha amene amakwera kuubongo chitetezo chikatsika. TB nayo imafika kumeneko, ndipo zizindikiro zake n'zofanana. Palinso toxoplasmosis, yochokera ku chimbudzi cha amphaka ndi nyama yosapsa bwino, imene imachita zotupa mu ubongo n'kufoola dzanja kapena mwendo. Aliwonse ali ndi mankhwala akeake. Palibe amene angawasiyanitse pongoyang'ana ndi maso, ngakhale dokotala wamkulu. Pafunika kuyeza. Tsono mukafika kuchipatala nenani zoona zonse: kuti ali ndi kachilombo, kuti adasiya mankhwala mwezi wakuti, kuti mutu watha masiku angati. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mabotolo onse. Anamwino sakudikira kuti akukalipireni, akufuna adziwe poyambira. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Nkhani ya madzi a pamsana

Apa ndi pamene pagona nkhani yanga ya lero. Adokotala akangotchula zotenga madzi a pamsana, nkhope za abale zimasintha. Ena amati tidikire amalume abwere kuchokera kumudzi. Ena amati, "Uje adamubaya pamsana, m'mawa mwake adatisiya." Ena amamutulutsa wodwala usiku. Mantha amenewa ndimawamvetsa, koma tiyeni tiwaunike.

Ubongo ndi mtsempha waukulu wa mumsana zimakhala m'madzi oyera ngati a pampopi. Thupi limapanga madzi amenewa pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, akale n'kumatuluka kudzera m'timabowo tating'ono kubwerera m'magazi. Fangasi uja ali ndi chikuto chonanda chimene chimatseka timabowoto, monga mmene mapepala a pulasitiki amatsekera ngalande nthawi ya dzinja. Madzi akupangidwabe koma alibe kotulukira, ndipo chigaza ndi fupa, sichingafutukuke. Mapeto ake madziwo amapanikiza ubongo ndi mitsempha ya maso ndi makutu. Mutu woopsa uja, kusanza kuja, khungu ndi kugontha, gwero lake ndi limeneli. Panado sangatsegule ngalande.

Tsono jakisoni wa pamsana amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba, timadzi pang'ono timapita kukayezedwa kuti adziwe ngati ndi fangasi, TB kapena kachilombo kena. Yachiwiri, amaphungula madzi opanikiza aja, pafupifupi masipuni aakulu awiri, ndipo thupi limawabwezeretsa tsiku lomwelo. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, singano imalowa m'munsi cha m'chiuno, pamalo pamene mtsempha waukulu uja wathera kale m'mwamba. N'chifukwa chake siipuwalitsa munthu ndipo siikhudza mphamvu za kuchipinda kapena kubereka. Ndaonapo odwala ofika akubuula, atangophungulidwa madzi n'kutsegula maso, kupempha phala. Ena mutu ukayambiranso ankachita kupempha okha kuti awabayenso.

Nanga uje adamwalira uja? Taganizani, kodi ndani amene abale amavomera kuti abayidwe? Nthawi zambiri ndi amene wafika kale kumapeto, atakana masiku atatu kapena anayi. Imfa ikabwera, chala chimaloza singano, matenda amene akhala akumudya mwezi wathunthu n'kuiwalika. Kafukufuku wina wa ku Uganda ndi South Africa amene adatuluka mu 2014 adapeza kuti m'masiku oyambirira a chithandizo, mwa odwala amene adaphungulidwanso madzi adamwalira 7 pa 100 alionse, pamene mwa amene sadaphungulidwenso adamwalira 18 pa 100 alionse.

Choncho adokotala akati abwereza mawa ndi mkuja, musaganize kuti akuphunzirira pa m'bale wanu. Ngalande ija siitseguka tsiku limodzi. Funsani mafunso onse amene muli nawo, ndi ufulu wanu, koma yankho liperekedwe tsiku lomwelo. Amalume aimbireni foni, musadikire basi ya Lachisanu.

Mankhwala alipo

Kale m'zipatala zathu tinkadalira mapiritsi a fluconazole okha, ndipo oposa theka la odwala ankamwalira isadathe miyezi itatu. Amene ankapeza diripi ya amphotericin B ankayenera kuilandira sabata ziwiri, tsiku ndi tsiku, ndipo inkawanjenjemeretsa, kuwathera magazi ndi kuwononga impso.

Zinthu zidasintha, ndipo Amalawi adatengapo mbali. Kafukufuku wotchedwa ACTA, amene adachitika ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adaonetsa kuti kuphatikizapo mapiritsi a flucytosine kumapulumutsa anthu ambiri. Kenaka kudabwera wina wotchedwa AMBITION, wa odwala oposa 800 a ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe. Kuno kwathu adachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Adapeza kuti diripi imodzi yokha yamphamvu ya mtundu watsopano wa amphotericin B, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imagwira ntchito mofanana ndi diripi ya sabata yathunthu, koma siivutitsa thupi kwambiri. Mu 2022 WHO idavomereza njira imeneyi kuti ndiyo ikhale yoyamba.

Komabe ngakhale m'kafukufuku ameneyu, mmene odwala ankasamalidwa mwapadera, mmodzi mwa anayi alionse adamwalira pomatha sabata 10. Matendawa ndi oopsa ndithu. Koma atatu mwa anayi adapulumuka, ndipo chimene chili m'manja mwanu n'choti wanuyo afike msanga. Ngati chipatala chaching'ono cha kwanuko chilibe zoyezera kapena mankhwalawa, pemphani kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu cha boma lanu tsiku lomwelo.

Chifukwa chiyani ma ARV amayamba aimikidwa?

Ichi chimadabwitsa abale ambiri. Munthu wapezeka ndi kachilombo, chitetezo chatsikiratu, koma adokotala akuti ma ARV adikire sabata 4 mpaka 6. Ena amaganiza kuti aiwalidwa, n'kuyamba kumupatsa mobisa a m'bale wina kapena otsala m'botolo lakale. Chonde musatero. Ma ARV akadzutsa asilikali fangasi akadali wochuluka m'mutu, nkhondo yake imachitikira mu ubongo momwemo, ubongo n'kutupa. Kafukufuku adaonetsa kuti odwala matendawa amene adayamba ma ARV msangamsanga adamwalira ambiri kuposa amene adadikira. Ayambe waphedwa fangasi, ma ARV abwere pambuyo, pa tsiku limene achipatala anena. Ngati wodwala amamwa kale ma ARV, adokotala ndi amene anene chochita, inu musasinthe kanthu panokha.

Akatuluka m'chipatala

Kutuluka m'chipatala si kuchira. Pambuyo pa masiku 14 aja pali sabata 8 za fluconazole wamphamvu, kenaka wocheperako tsiku lililonse kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, kufikira achipatala ataona kuti chitetezo chakwera ndipo kachilombo ka HIV kagonja. Ambiri amene amabwereranso kuwodi ndi amene adasiya fluconazole atangomva bwino, kapena adapita kukatenga ma ARV n'kuiwala kutenga mnzakeyo. Inu osamalira wodwala, muziwerenga mapiritsi ndipo muzipita kukatenga ena asadathe. Bactrim nayenso asasiyidwe, ndi amene amatchinga toxoplasmosis ija ndi chibayo.

Mutu ukayambiranso, kusanza, kapena maso akayamba kuchita chimbuuzi, bwererani tsiku lomwelo osadikira deti ya m'buku. Ena amatsala ndi vuto la maso, makutu kapena kuiwalaiwala. Apirireni, ambiri amapezako bwino pakapita miyezi. Asafulumire kukwera njinga yamoto kapena kuyendetsa galimoto ngati adakomokapo, ayambe wafunsa adokotala.

Kwa inu amayi achitsikana, fluconazole ndi flucytosine akhoza kuvulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi itatu yoyamba. Ngati muli oyembekezera kapena mukukayikira, nenani musadalandire mankhwala, adokotala ali ndi njira ina yokuthandizirani. Ngati muli pa fluconazole wa chaka uja, kambiranani ndi bambo za kulera kufikira achipatala atakuuzani kuti tsopano mukhoza kutenga pathupi.

Kumupeza asadafike kumutu

Nkhani yokoma ndi yakuti fangasi ameneyu amaoneka m'magazi sabata zingapo mutu usadayambe. Pali kachipangizo kofanana ndi koyezera malungo kotchedwa CrAg, kamene kamapereka yankho pa mphindi 10 zokha. Amene wangopezeka kumene ndi kachilombo, amene akubwerera atasiya mankhwala, ndi amene akudwaladwala ngakhale akumwa ma ARV, ayenera kuyezedwa CD4. Ikapezeka yochepera 200, pemphani kuti amuyezenso CrAg, komanso mkodzo pofufuza TB. Fangasi akapezeka m'magazi, adokotala amapempha kuona madzi a pamsana ngakhale munthu sakumva mutu, ndipo ngati sadafike kuubongo amapatsidwa mankhwala akumwa ali kunyumba. Ku Tanzania ndi Zambia kafukufuku wa mu 2015 adaonetsa kuti kuyeza kotere, pamodzi ndi kuyendera odwala kunyumba mwezi woyamba, kudachepetsa imfa ndi 28 pa 100 alionse.

Inu amene mudasiya mankhwala ndipo mukuwerenga tsamba lino mwakachetechete, bwererani mawa Lolemba. Musapite pamalo ena n'kukanama kuti ndinu watsopano, nenani kuti mudasiya liti kuti akuyezeni zoyenera. Manyazi a mphindi zisanu pamaso pa namwino ndi opepuka kuposa kusiyira ana anu umasiye.

Inu makolo, mwana amene adabadwa ndi kachilombo akafika zaka za kusekondale, makamaka wogonera konko, ndi pamene ambiri amayamba kutaya mapiritsi poopa anzawo. Musamangofunsa za mayeso, funsaninso za botolo, mwachikondi osati mokalipa.

Ndipo inu apabanja, kambiranani lero muli bwinobwino. Uzanani kumene buku la kuchipatala limakhala ndi mankhwala amene aliyense akumwa. Gwirizanani kuti wina akadzadwala mpaka kusokonezeka, mnzake ali ndi chilolezo chovomera madzi a pamsana popanda kudikira msonkhano wa banja, ndipo akuluakulu a mbali zonse ziwiri adziwiretu zimenezi. Ngati simudayezetse, pitani limodzi sabata ino. Ngati pakhomo panu pali amene watha masiku akudandaula mutu ndipo Panado wakanika, pindani nyuzipepalayi, mupite naye lero lomwe. Zipatala za boma sizitseka Lamulungu kwa wodwala mwakayakaya.

Tikumanenso sabata ya mawa, ana anga.